Maselo a njovu ndi a mbewa ndi ofanana kukula, nanga kusiyana kukuchokera pati?

Njovu yamphongo yokhwima bwino imatha kulemera matani 6. Mbewa ikanenepa imafika magalamu 30. Kuti sikelo ifanane, mbali inayo mufunika kuunjikapo mbewa 200,000. Munthu akamva koyamba zoti thupi la chamoyo chilichonse linamangidwa ndi maselo, sachedwa kufunsa kuti, ndiye kuti maselo a njovu ndi zimphona?

Mutaika kadontho ka magazi a njovu pa maikulosikopu, pambali pake kadontho ka magazi a mbewa, mupeza kuti maselo ofiira a njovu angokulirapo pang'ono, mwina ndi theka. Njerwa zake n'zofanana, kungoti nyumba ina yadya njerwa zochuluka kuposa inzake. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ikagwidwa bwino, mafunso ambiri okhudza zamoyo amayamba kumasuka okha, ngakhale aja ooneka ngati sakukhudzana: chimene mwana amatengera agogo ake kusiya makolo, chimene ng'ombe imanenepera ndi udzu, chimene ng'ona imathera miyezi osadya pamene mbewa singathe masiku owerengeka. Onsewa amakathera pa selo, pa zimene limadya, malangizo amene limawerenga, ndi mmene limagawikira.

N'chifukwa chiyani selo silikula?

Selo ndi kathumba ka madzi osakanikirana ndi mchere, shuga ndi mapuloteni, kokutidwa ndi kachikopa kamafuta kopyapyala zedi. Chilichonse chimene selo likufuna, kaya chakudya kaya mpweya wa okosijeni, chimalowera pa kachikopa kameneka, ndipo zinyalala zimatulukira pomwepo. Vuto lili pa masamu. Tengani bokosi, mulikulitse kawiri mbali zonse. Kunja kwake kukula ka 4, koma m'kati mwake mukula ka 8. Mukalikulitsa ka 10, kunja kukula ka 100, m'kati ka 1,000. Selo likamakula, ofuna kudya amachuluka msanga kuposa makomo olowetsera chakudya.

Palinso mtunda. M'kati mwa selo okosijeni sachita kunyamulidwa, amangofalikira yekha ngati mmene inki imafalikirira m'kapu ya madzi osatakasa. Pa kamtunda ka selo limodzi zimenezi zimachitika sekondi isanathe. Pa sentimita imodzi zimatenga maola, pa mita imodzi zaka. Selo lalikulu ngati mpira likanafa pakati, kunja kukadali moyo. Maselo ochepa amene amaoneka ngati aphwanya lamuloli ali ndi njira yozembera. Selo la mtsempha wa mauthenga limatha kuchoka kumsana mpaka kuchala cha kuphazi, koma n'lopyapyala kuposa ulusi. Chikasu cha dzira la nthiwatiwa ndi selo limodzi, koma pafupifupi chonsecho ndi chakudya chosungidwa.

Dzina lakuti selo linabwera ndi Robert Hooke wa ku England. Mu 1665 anayang'ana pa maikulosikopu kachidutswa ka khungwa lopangira zotsekera mabotolo, n'kuona timabowo tondondozana ngati tizipinda. Amenewo anali makoma a maselo akufa. Amoyo, oyendayenda, anawaona Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft ku Netherlands, amene ankadzipangira yekha timagalasi. M'zaka za m'ma 1670 anaona tizamoyo m'kadontho ka madzi, anaona mabakiteriya, anaonanso umuna ukusambira. Panadutsa zaka zoposa 160 kuti Matthias Schleiden ndi Theodor Schwann, mu 1838 ndi 1839, anene kuti zomera ndi nyama zonse n'zopangidwa ndi maselo. Mu 1855 Rudolf Virchow anawonjezera kuti selo lililonse limachokera ku selo linzake. Mawuwa amamveka wamba, koma akutanthauza kuti kuchokera pa selo la chala chanu kubwerera m'mbuyo, unyolo wa maselo ogawikana sunadukepo kwa zaka zoposa mabiliyoni atatu.

Munthu wamkulu ali ndi maselo pafupifupi 30 thililiyoni, ndipo pa asanu alionse, anayi ndi maselo ofiira a m'magazi. Lililonse la amenewa limakhala masiku pafupifupi 120, choncho mafuta a m'mafupa amapanga atsopano oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku. Maselo okuta m'matumbo satha n'komwe mlungu. Koma maselo ambiri a mu ubongo ndi omwe aja munali nawo muli khanda, n'chifukwa chake bala la pakhungu limapola pamene kuvulala kwa ubongo kumasiya chilema.

Mwina munamvapo zoti m'thupi mwathu mabakiteriya ndi ochuluka ka 10 kuposa maselo athu. Zimenezi zinayenda m'mabuku kwa zaka zambiri, mpaka mu 2016 pamene Ron Sender, Shai Fuchs ndi Ron Milo anawerengetsanso n'kupeza kuti ziwerengerozo n'zoyandikana. Mabakiteriya alipo pafupifupi 38 thililiyoni, ambiri ali m'matumbo aakulu, ndipo onse pamodzi amalemera magalamu ngati 200. Bakiteriya ndi selo ndithu, lokhala palokha, lokhala ndi khoma lolimba. Penisilini, amene Alexander Fleming anatulukira mu 1928, amalepheretsa bakiteriya kumanga khoma limenelo, ndiye amaphulika. Maselo athu alibe khoma lotere, mankhwalawo amangowadutsa. Vairasi ndi nkhani ina. Si selo, sadya, sapuma. Ndi kachidutswa ka malangizo kokulungidwa m'chikuto cha puloteni, kamene kamalowa m'selo la wina n'kulikakamiza kupanga mavairasi ena. Mulibe khoma loti penisilini agumule. Munthu womwa mankhwala opha mabakiteriya pa chimfine amapha mabakiteriya ake omuthandiza, n'kupereka malo kwa aja osamva mankhwala.

Nanga timapumiranji? Yankho lilinso m'selo, m'tinthu totchedwa mitochondria. Mmenemo zochokera ku shuga ndi mafuta zimaphwanyidwa pang'onopang'ono mothandizidwa ndi okosijeni, mphamvu yake n'kusungidwa m'kamankhwala kotchedwa ATP, kamene minofu ndi ubongo zimagwiritsa ntchito. Mpweya woipa umene timatulutsa ndi zotsala za chakudya chimenecho. Ndiye amene amafunsa kuti mafuta amapita kuti munthu akaonda, adziwe kuti ambiri amatulukira m'mphuno, otsalawo amasanduka madzi. Mitochondria ali ndi DNA yawoyawo, chinthu chosunga malangizo a selo, ya magawo 37 otchedwa majini, ndipo amagawikana ngati mabakiteriya. Mu 1967 Lynn Margulis anatsindika kuti kalekale analidi mabakiteriya amene anamezedwa ndi selo lina n'kukhazikika momwemo. Poyamba ambiri anamukana, lero n'zimene zimaphunzitsidwa. Mitochondria anu onse munawalandira kwa mayi anu, chifukwa a mu umuna amawonongedwa akalowa m'dzira.

Malangizo ali pati?

Mu 1869 Friedrich Miescher, dokotala wachinyamata wa ku Switzerland amene ankafufuza ku Tübingen, ankatolera mabandeji amafinya kuchipatala kuti apezemo maselo oyera a m'magazi. M'kachipinda kapakati pa selo, kotchedwa nyukiliyasi, anapezamo chinthu chimene sichinali puloteni. Inali DNA, koma panalibe wodziwa ntchito yake. Kaumbidwe kake kanadziwika mu 1953, pamene James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge anasonyeza kuti ndi zingwe ziwiri zopotana. Anadalira kwambiri miyeso ya Rosalind Franklin wa ku King's College ku London, amene anamwalira mu 1958, mphoto ya Nobel ya 1962 isanapite kwa awiriwo ndi Maurice Wilkins.

DNA inalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T. A amagwirana ndi T, C amagwirana ndi G. Chinsinsi cha kukopera chili pamenepo: zingwe ziwirizo zikalekana, chilichonse chimakhala chikombole choumbira chinzake. Zilembo zitatu zotsatizana zimaimira amino asidi mmodzi mwa mitundu 20, ndipo ma amino asidi akalumikizidwa ngati mikanda amapanga puloteni. Gawo la DNA lokhala ndi malangizo a chinthu chimodzi chotere ndi limene timati jini. Majini ake si aja a mizimu ayi, mawuwa angofanana kamvekedwe.

Kwa kholo lililonse munalandira zilembo pafupifupi 3 biliyoni. DNA ya selo limodzi mutaitambasula ingatalike mamita awiri, koma inakulungidwa m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu, 23 ya kwa mayi, 23 ya kwa bambo. Pamene ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu inayamba mu 1990, akatswiri ambiri ankayembekezera majini 100,000. Itatha mu 2003 zinaoneka kuti majini opanga mapuloteni ali pafupifupi 20,000, chiwerengero chofanana ndi cha kanyongolotsi kena kotalika milimita imodzi, ka maselo osakwana 1,000. Zinatsitsa anthu matama. Majini amenewa satenga n'komwe magawo awiri pa 100 alionse a DNA yathu. M'mbali yotsalayo muli maswichi oyatsa ndi kuzimitsa majini, muli zotsalira za mavairasi akalekale, mulinso zilembo zongobwerezabwereza.

Chilankhulo cha zilembo zitatuzitatu chija n'chimodzimodzi mwa munthu, mwa njovu ndi mwa bakiteriya. N'chifukwa chake jini ya munthu yopanga insulini ikaikidwa mwa bakiteriya, iye amaiwerenga n'kupanga insulini ya munthu. Odwala matenda a shuga akhala akubayidwa insulini yotere kuyambira 1982. Isanabwere, ankadalira yochokera ku nkhumba ndi ng'ombe.

Mwanayu watengera ndani?

Kale anthu ankaganiza kuti za bambo ndi za mayi zimasakanikirana ngati utoto. Zikanakhala choncho, chinthu chikasowa m'banja sichikanaonekanso. Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, anadzala nsawawa pafupifupi 28,000 pakati pa 1856 ndi 1863, ndipo chimene chinamusiyanitsa ndi ena n'chakuti ankawerenga. Atakwatitsa nsawawa za maluwa apepo ndi za maluwa oyera, ana onse anatuluka apepo. Kuyera kunazimiririka. Koma anawo atabereka, pa zidzukulu 929, zokwana 705 zinali zapepo ndipo 224 zoyera. Zitatu pa chimodzi.

Tanthauzo lake ndi ili. Pa chinthu chilichonse chamoyo chimakhala ndi makope awiri a jini, lina la kwa mayi, lina la kwa bambo. Makope ena amaonekera ngakhale lilipo limodzi. Ena amabisala, amaonekera pokhapokha akakumana awiri. Kholo limapatsa mwana kope limodzi mwa awiri ake, mwamaere. Kope lobisala limatha kuyenda mibadwo ingapo osadziwika, n'kudzatulukira mwa mdzukulu. Mendel anasindikiza zimenezi mu 1866, palibe anazilabadira, ndipo anamwalira mu 1884. Zinakumbidwanso mu 1900.

Apa m'pamene masamu a nsawawa amateteza anthu ku mabodza. Makolo awiri a khungu lakuda amatha kubereka mwana wachialubino ngati aliyense akusunga kope limodzi losagwira ntchito la jini yothandiza kupanga melanini, utoto wa khungu, tsitsi ndi maso. Kopelo limachokera kumbali zonse ziwiri, choncho woloza chala mayi yekha sakudziwa kuti theka la nkhaniyo lili mwa bambo. Pa mimba iliyonse ya makolo otere, mwayi ndi umodzi pa inayi, ndipo mwayiwo sukumbukira za mimba yapitayo. Banja lina likhoza kukhala ndi ana atatu achialubino motsatizana, lina ana asanu ndi mmodzi popanda ndi mmodzi yemwe. N'chimodzimodzinso gulu la magazi: bambo wa gulu A ndi mayi wa gulu B akhoza kubereka mwana wa gulu O popanda chachinyengo chilichonse.

Matenda a sickle cell ndi amene amandigometsa kwambiri, chifukwa gwero lake ndi chilembo chimodzi. Pamene payenera kulembedwa GAG palembedwa GTG, ndipo amino asidi mmodzi amasintha mu himogulobini, puloteni yonyamula okosijeni. Okosijeni akachepa, himogulobini yotere imamatirana n'kupanga timitengo, selo lofiira limapindika ngati mwezi wongooneka kumene, limatseka timitsempha, ndipo limafa m'masiku 10 mpaka 20 m'malo mwa 120. Kupweteka kwa mafupa ndi kuchepa kwa magazi kumachokera pamenepo. Funso lanzeru ndi lakuti, jini yovutitsa chonchi sinathe bwanji? Mu 1954 Anthony Allison anasonyeza kuti anthu okhala ndi kope limodzi lokha, amene nthawi zambiri sadwala n'komwe, amatetezeka ku malungo aakulu. Kumene malungo ankapha ana ambiri, osunga kope limodzi ankapulumuka n'kubereka. N'chifukwa chake jiniyi imapezeka kwambiri ku Africa, ku India, ku Middle East ndi m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Kumapeto kwa 2023 Britain ndi America anavomereza chithandizo chogwiritsa ntchito CRISPR, njira yodulira DNA imene Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anafotokoza mu 2012. Chithandizocho sichikonza chilembo cholakwika chija. Chimayatsanso jini ya himogulobini imene mwana amagwiritsa ntchito ali m'mimba, imene thupi limazimitsa akabadwa.

Za mwana wamwamuna kapena wamkazi n'zachidule. Dzira la mayi limanyamula kromozomu X nthawi zonse. Umuna umanyamula X kapena Y. Pa Y pali jini yotchedwa SRY, imene inapezeka mu 1990, ndipo ndi imene imayambitsa ziwalo zachimuna. Mfumu Henry VIII ya ku England, imene inkasiya akazi pofuna mwana wamwamuna, inkafuna kwa iwo chinthu chimene chikanachokera kwa iyo yomwe. Lamuloli si la nyama zonse. Mwa mbalame, dzira la thadzi ndi limene limasankha. Mwa ng'ona mulibe makromozomu otere, kutentha kwa chisa n'kumene kumagamula.

Nanga ana a mimba imodzi amasiyaniranji? Makromozomu 46 aja ali m'mapeyala 23, kholo limapereka imodzi pa peyala iliyonse, ndipo njira zosankhira zilipo 8,388,608. Kwa makolo awiri zimapitirira 70 thililiyoni. Komanso makromozomu asanalekane amasinthana zidutswa, ndipo mwana aliyense amabadwa ndi zilembo makumi angapo zosintha zimene makolo ake alibe. Mapasa ofanana amachokera ku dzira limodzi logawikana, koma ngakhale iwo zidindo za zala zawo zimasiyana, poti mizereyo imaumbidwanso ndi mmene khanda linagonera m'chiberekero.

Ndichenjezepo apa. Mendel anasankha zinthu zoyendetsedwa ndi jini imodzi, ndipo zoterezi n'zochepa. Kafukufuku wa mu 2022 wa anthu oposa 5 miliyoni anapeza malo oposa 12,000 mu DNA okhudza msinkhu wokha, ndipo pamwamba pake pali chakudya ndi matenda a paubwana. Wina akakuuzani kuti kwapezeka jini ya nzeru kapena ya ulesi, mumufunse kawiri.

Funso limene limavutitsa ophunzira ambiri ndi ili: ngati maselo onse anachokera ku selo limodzi ndipo DNA yawo ndi imodzi, diso lasiyana bwanji ndi chiwindi? Buku ndi limodzi, koma aliyense amatsegula masamba ake. Selo lopanga magazi limawerenga tsamba la himogulobini, selo la m'kapamba tsamba la insulini, masamba ena ambiri ali chitsekere. Kuti masamba otsekedwawo sanang'ambidwe anasonyeza ndi John Gurdon mu 1962. Anatenga nyukiliyasi ya selo la m'matumbo a mbululu, n'kuiika m'dzira la chule limene analichotsa nyukiliyasi yake, ndipo panatuluka mbululu wathunthu. Nkhosa yotchedwa Dolly, imene inabadwa ku Scotland mu 1996, inachokera ku selo la bere la nkhosa ya zaka 6, ndipo pa mazira 277 amene anayesa inapulumuka yokhayo.

Kudyetsa selo limene lili kutali ndi kunja

Tibwerere ku vuto la mtunda lija. Bakiteriya amamwa chakudya m'madzi amene akukhalamo. Selo la pakati pa ntchafu ya njovu lili kutali ndi mpweya, kutali ndi udzu. Mtima, mapapo, matumbo ndi impso zimaoneka ngati ziwalo zosiyana, koma zonse zikulimbana ndi vuto limodzi lomweli: kufikitsa zakunja pakhomo pa selo lililonse ndi kuchotsapo zinyalala. Mtima wa munthu wongokhala umapopa malita pafupifupi 5 pa mphindi, amene ndi pafupifupi magazi ake onse. William Harvey anawerengetsa zotere mu 1628 n'kuona kuti magazi ochuluka chonchi sangamapangidwe atsopano nthawi zonse, ayenera kuti amazungulira. Chimene sanathe kuona ndi njira imene amadutsa pochoka m'mitsempha yopita n'kulowa m'yobwerera. Marcello Malpighi anaiona mu 1661 m'mapapo a chule, Harvey atamwalira kale: timitsempha topapatiza moti maselo ofiira amadutsamo pamzere, limodzilimodzi.

Nyamalikiti ili ndi mafupa a m'khosi 7, ofanana chiwerengero ndi anu ndi a mbewa. Vuto lake ndi kukweza magazi mamita awiri kuchoka pamtima kufika kumutu, ndipo imatero ndi mphamvu ya magazi yowirikiza kawiri ya munthu. Miyendo yake situpa chifukwa chikopa chake chinathina ngati masokosi olimba. Tizilombo touluka ndi tokwawa tinasankha njira ina. Mpweya sudutsa m'magazi, umalowa pa timabowo ta m'mbali mwa thupi n'kuyenda m'timipope mpaka pa maselo. Njirayi ndi yabwino pa thupi laling'ono lokha, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene simudzaonera nyerere yaikulu ngati galu. Zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, okosijeni ali wochuluka mumlengalenga kuposa lero, kunali tizilombo tofanana ndi tombolombo totambasula mapiko masentimita 70.

Ng'ombe siigaya udzu. Imachita kuweta ogaya. Makoma a maselo a zomera ndi opangidwa ndi shuga wolumikizidwa mwanjira imene munthu, ng'ombe ngakhale njovu zilibe mankhwala omasulira. Mabakiteriya ena ali nawo. Chifu cha ng'ombe chili ndi zigawo zinayi, ndipo choyamba, chimene chimalowa malita oposa 100, ndi mtsuko wofululiramo. Mmenemo tizamoyo timasasitsa udzu n'kutulutsa ma asidi amene ng'ombe imayamwa kuti ipeze mphamvu. Kubzikula ndi kubweza udzuwo kukamwa kuti uphwanyike bwino, tizamoyo tipeze pogwira. Kenako tizamoyo tomweto timakokoloka kupita m'chigawo chomaliza n'kugayidwa, ndipo mapuloteni ambiri a ng'ombe amachokera kwa ito. Mpweya wa methane umene umapangika imautulutsa pogeya. Kalulu, amene mtsuko wake uli kumapeto kwa matumbo, amadyanso ndowe zake zofewa kuti chakudyacho chidutse kawiri.

Tsopano za ng'ona ndi mbewa. Nyama zoyamwitsa ndi mbalame zimatenthetsa thupi kuchokera m'kati, ndipo nkhuni zake ndi chakudya. Buluzi, njoka ndi ng'ona zimaothera dzuwa. Anthu amati ndi za magazi ozizira, koma buluzi wothera pamwala masana amatha kutentha thupi ngati inuyo. Kusiyana kwake n'kwakuti iye salipira kanthu. Chakudya chimene amafuna chimakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a chimene nyama yoyamwitsa yolemera mofanana imafuna, n'chifukwa chake ng'ona yaikulu imatha miyezi itadya kamodzi. Malipiro ake amabwera kukazizira, pamene imachita ulesi mpaka dzuwa lituluke.

Masamu a bokosi aja amabweranso pa thupi lonse. Mbewa ili ndi khungu lalikulu poyerekeza ndi mnofu wake, choncho imataya kutentha msanga ndipo imasonkheza moto osapuma. Mtima wake umagunda maulendo oposa 500 pa mphindi, wa njovu pafupifupi 30. Swiswiri wina wa magalamu awiri okha, wopezeka kum'mwera kwa Europe ndi ku Asia, amadya chakudya cholemera kuposa thupi lake tsiku lililonse, ndipo mtima wake umapitirira 1,000. Max Kleiber anasonyeza mu 1932 kuti nyama ikamakula, galamu iliyonse ya thupi lake imafuna chakudya chocheperachepera. Galamu ya mbewa imatentha chakudya mofulumira pafupifupi ka 20 kuposa galamu ya njovu. Njovu vuto lake ndi lotembenuza, kutaya kutentha, ndipo makutu ake akuluakulu odzaza mitsempha ndi ntchito yake imeneyo.

Pali funso limodzi limene kuchuluka kwa njerwa kumabweretsa. Selo likamagawika limakopera zilembo 6 biliyoni, ndipo nthawi zina limaphonya. Khansa imayamba zophonya zikaunjikana pa majini olamulira kagawikidwe, selo n'kuleka kumvera. Ndiye njovu, yokhala ndi maselo ochuluka pafupifupi ka 100 kuposa munthu ndiponso yotha kukhala zaka 60 mpaka 70, inayenera kutha ndi khansa isanakule n'komwe. Richard Peto wa ku Oxford anaona m'zaka za m'ma 1970 kuti masamu amenewa sagwirizana ndi zimene zimachitika, nyama zikuluzikulu sizidwala khansa kuposa zing'onozing'ono. Mu 2015 gulu la Joshua Schiffman ku Utah linasonyeza mbali ina ya yankho. Pali jini yotchedwa TP53, mlonda amene amaimitsa selo la DNA yowonongeka kuti likonzedwe, ndipo zikakanika amalilamula kuti lidziphe. Munthu amalandira kope limodzi kwa kholo lililonse. Njovu ya ku Africa imalandira pafupifupi 20. Ofufuzawo atawononga dala DNA ya maselo a magazi a njovu ndi a munthu, a njovu ankadzipha mochuluka kwambiri. Pa njovu zimene mbiri ya imfa yawo inaunikidwa, zofa ndi khansa sizinafike 5 pa 100 zilizonse.

Mbewa ilibe alonda ochuluka chonchi. Kutchire kadzidzi, njoka kapena njala zimaipeza chaka chisanathe, selo lopanduka lisanapeze nthawi yokula. Mukaisunga m'khola momwe mulibe adani, n'kumaidyetsa bwino, imafika zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo imfa imene imatenga zambiri mwa mbewa zoterozo ndi khansa.